Ndime Yachitatu

Lachiwiri lililonse ndimawameta ndevu bambo Threlfall.
Amakweza chibwano, maso ali kudenga,
khosi lili lende ngati la nkhukutembo,
ndipo lumo likayamba kuyenda
mbiri imatuluka yokha, mutu kumbuyo, mchira patsogolo.

Anabadwira kuno ku Fleetwood, kuseri kwa doko,
m'nyumba zogundana makoma
momwe chifuwa cha mnansi chimakudzutsa usiku.
Atate awo ankakhala panyanja masabata atatu,
pakhomo masiku atatu,
kenaka ulendo wina sitima sinabwere.
Desmond anali ndi zaka khumi ndi zinayi.
Lolemba lotsatira anayamba kutumbula nsomba.

Gitala anagula kwa mmalinyero amene ludzu linamukulira,
chipewa chotambalala anachipeza pa kaunjika.
Ng'ombe anali asanaikamepo,
hatchi ankangoionera pa kanema,
koma akuti nyimbo za kantire sizifunsa za khola,
zimangofuna nyumba imene muli mpando wopanda mwini.
Ankazilemba pa mapepala okulungira nsomba,
mpaka lero akuti zina zimamvekabe fungo.

Loweruka lina, m'holo ya anthu apantchito ku Preston,
utsi wa fodya uli tolo,
ali pakati pa nyimbo ya atate awo,
lamba anaduka.
Buluku linatsetsereka mpaka mu akakolo.
Manja onse awiri anali pa gitala, akanatani?
Anapitiriza kuimba, mawondo ali mbee,
anthu akugwa m'mipando, mowa ukutayika,
mayi wina mpaka mano oikirira anagwera m'tambula.
Mwini holo anawalipira kawiri
nati, sabata yamawa adukenso.

Anaduka zaka makumi atatu.

Glenys ndiye ankamusoka lambayo madzulo aliwonse,
ulusi wongokwanira ndime ziwiri.
Sanaphonyepo, mkazi wa dzanja.

Pa wailesi yakanema anakhala wogawa mkaka wogontha khutu limodzi,
wogwera m'dzenje lomwelomwelo sabata ndi sabata,
ana akuwakuwiza mumsewu kuti agwenso.
Pa Khirisimasi ku Blackpool ankavala diresi,
masokosi atawapachira pachifuwa,
ndipo chaka china, ntchito zitavuta,
anali miyendo yakumbuyo ya ng'ombe ya nsalu.
Imeneyo, amatero, ndiyo ng'ombe yokhayo
imene ndinaidziwa mpaka m'kati.

Chimbale anatulutsa chimodzi.
Pachikuto anawajambula buluku lili pansi.
Nyumba anagula, galimoto anagula,
Glenys anamuika m'manda m'bokosi labwino,
zonsezo ndi lamba.
Sadandaula. Amati wakudyetsa sum'tukwana,
ngakhale akhale chikopa cha mabowo asanu.

Lero mvula ikumenya zenera chammbali,
mbalame zapanyanja zikukangana padenga la khitchini.
Tsaya limodzi ndameta, lina likadali thovu.
Andigwira dzanja.
Iwe Tiyanjane, ndime yachitatu unaimvapo?
Ndani anaimvapo, bambo?

Mawu atha, atsala ngati chitseko chosowa mafuta,
koma ayamba.
Mulibe nyanja m'ndimeyo, mulibe misozi.
Ndi maina okhaokha,
amuna khumi ndi asanu ndi anayi amene anakwera sitima ija,
wina ndi wina, monga ankagonera m'mabedi awo:
wophika, woponya malasha, mnyamata amene unali ulendo wake woyamba.
Pa dzina lakhumi ndi chiwiri aima,
milomo ikufunafuna,
ine lumo lili m'mwamba, madzi akuzizira m'beseni,
belu la chipinda chachisanu likulira, likulira,
mpaka alipeza.
Atate awo ndi omaliza.

Andiyang'ana nthawi yaitali
ngati munthu wodikira chenji.
Sunaseke.
Ayi, bambo.
Apapasa m'chiuno, pamene pali lasitiki wa buluku logonera,
aukoka, ausiya, uti thapu.
Zovala za masiku ano, akutero, zimapha ntchito.
Malizitsa tsaya ili, mwana iwe,
thovu likundilowa m'khutu labwinoli.